Mmera Mpoyamba: Kodi Kuphunzitsa Ana Chipembedzo N'kuwaononga?

Aliyense amene wagwirapo khasu akudziwa kuti tsogolo la chimanga limaoneka m'masabata oyambirira, mvula yobzalira ikangogwa. Chikamera bwino, n'kupaliridwa udzu usanachipitirire, n'kulandira fetereza wokulitsa pa nthawi yake, mwini munda amayamba kuganiza zomanga nkhokwe. Chikafinyidwa ndi udzu chikadali chanthete, ngakhale mutadzathira matumba angati a fetereza wobereketsa pambuyo pake, mudzakolola tizitsononkho ta njere zowerengeka. Apa m'pamene makolo athu anatola mwambi wakuti mmera mpoyamba. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chimakonzeka kapena kuonongeka pachiyambi, ndipo kawirikawiri amaunena pokamba za kulera: zimene mwana wamva ndi kuona ali wamng'ono amayenda nazo mpaka imvi.

Mwambiwu umakondedwa kwambiri m'nyumba zopemphereramo. Abusa, ansembe ndi mashehe amautchula polimbikitsa makolo kutumiza ana ku Sande sukulu, ku Tilitonse, ku kalasi kapena ku madrasa. Koma anthu otsutsa zophunzitsa ana chipembedzo nawonso amaima pa mfundo yomweyi. Richard Dawkins, katswiri wa sayansi ya zamoyo wa ku Britain, m'buku lake la mu 2006 lotchedwa The God Delusion, anati n'kulakwa kutcha kamwana Mkhristu kapena Msilamu pamene sikanafike msinkhu wosankha, ndiponso kuti kuopseza mwana ndi moto wa ku gehena ndi nkhanza. Maganizo ake ndi akuti mwana amakhulupirira chilichonse chimene wamkulu wanena, choncho tisamuike m'mutu zinthu zimene sangathe kuziyesa yekha. Mbali zonse ziwiri zikuvomereza kuti mmera mpoyamba. Zikusiyana pa zoti mmerawo tichite nawo chiyani.

Ine ndili kumbali ya ophunzitsa. Komabe sindikufuna kuti titaye mawu a otsutsawa kudzala tisanawamvetse, chifukwa zina zimene akunena tinaziona ndi maso athu.

Mu 2010 dziko la Malawi linagwidwa ndi mliri wa chikuku umene unadwalitsa anthu pafupifupi 134,000, ambiri mwa iwo ana, n'kupha oposa 300. Mliriwu unali ndi zifukwa zambiri ndipo si chilungamo kuukankhira wonse kwa opemphera. Koma azaumoyo anakumana ndi mabanja a m'mipingo ina yokana mankhwala amene ankabisa ana awo kuti asabayidwe katemera, poti chikhulupiriro chawo chimati pemphero lokha n'lokwanira. M'madera ena zinafika poti apolisi aziperekeza opereka katemera. Munthu wamkulu akakana jakisoni, wasankha yekha ndipo zotsatira zake azisenza yekha. Mwana wa zaka 3 sanasankhe kalikonse. Iye amangotentha thupi kumsana kwa mayi ake, chipatala chili poteropo, akuluakulu akuimba nyimbo.

Ku Kenya zinafika poipitsitsa. Mu 2023, m'nkhalango ya Shakahola kufupi ndi Malindi, apolisi anafukula mitembo yoposa 400 ya otsatira a Paul Mackenzie, mlaliki amene anaimbidwa mlandu wouza anthu ake kuti asale kudya mpaka imfa kuti akakumane ndi Yesu. Mwa mitemboyo munali ana ambiri. Mlalikiyu anali atayamba kale kuphunzitsa kuti sukulu ndi chipatala n'zoipa, ndipo makolo anayamba ndi kutulutsa ana m'sukulu asanawatengere kunkhalango. Zoopsa zotere siziyamba ndi manda. Zimayamba tsiku limene kholo lasiya kufunsa mtsogoleri wake mafunso.

Kwathu kuno kuli bala lina limene sitikonda kulivundukula. Mwana wa zaka 8 amaimikidwa pakati pa anthu opemphera, amazunguliridwa ndi akuluakulu okuwa, namuuza kuti aulule amene anamuphunzitsa ufiti. Mwana wamantha amavomera chilichonse kuti phokoso lithe, ndipo dzina limene amatchula nthawi zambiri limakhala la agogo ake omwe. Lamulo la zaufiti la mu 1911, limene likugwirabe ntchito m'Malawi, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma George Thindwa ndi anzake a Association for Secular Humanism anatha zaka akuthandiza nkhalamba zimene zinatsekeredwa m'ndende chifukwa cha maumboni otere. Nkhalamba imazunzika, inde, koma taganizani za mwanayo. Wauzidwa ndi anthu amene amawakhulupirira kuti m'kati mwake muli choipa, kuti usiku amauluka, kuti imfa ya mng'ono wake anachititsa ndi iyeyo. Adzakula bwanji ndi katundu ameneyo?

Palinso kuonongeka kwachinunu kumene sikufika m'nyuzipepala. Mtsikana amene waphunzitsidwa kuti munthu wa Mulungu satsutsidwa, tsiku limene munthu wa Mulunguyo adzamugwire mosayenera adzasowa pakamwa poyankhulira. Mnyamata amene wamva za moto wosazima ali ndi zaka 5, popanda womufotokozera za chifundo, amakula akuona Mulungu ngati wapolisi womusakasaka. Izi n'zoona, ndipo wopemphera amene amazikana akudzinamiza.

Nanga bwanji sindikugwirizana ndi oti tisiyiretu? Chifukwa mwambi wathu sunena kuti popeza chiyambi n'chofunika ndiye munda ukhale wosabzala mpaka mbewu idzasankhe yokha. Mwana sadikira zaka 18 kuti ayambe kufunsa za moyo ndi imfa. Agogo ake akamwalira, amaona bokosi likutsikira m'manda, amamva nyimbo za amayi a chigwirizano usiku wonse, ndipo m'mawa amakoka chitenje cha mayi ake n'kufunsa kuti agogo apita kuti. Chilichonse chimene mayiyo ayankhe ndi chiphunzitso. Akati apita kwa Mulungu, waphunzitsa. Akati imfa ndi mathero, waphunzitsanso, ndipo kholo losapemphera lili ndi ufulu wonse woyankha motero. Ngakhale kukhala chete kumamuuza mwana kuti nkhani imeneyi ndi yoopsa kuitchula. Kholo lopanda mbali kulibe. Timapatsa ana chiyankhulo, dzina, mfunda ndi chakudya cha kwathu tisanawafunse, ndipo palibe amene amati tadyera mwana masuku pamutu pomuyankhula Chichewa asanasankhe.

Komanso tikukhala m'dziko limene, malinga ndi kalembera wa mu 2018, anthu pafupifupi 77 pa 100 alionse ndi Akhristu, pafupifupi 14 ndi Asilamu, ndipo amene anati alibe chipembedzo ndi 2 okha. Mwana wa kuno akumana ndi chipembedzo basi: pa wailesi, m'minibasi, pa msonkhano wa m'mawa kusukulu, pa foni ya mkulu wake. Kholo likapanda kumuphunzitsa, adzamuphunzitsa ndi mneneri wa pa TikTok wogulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa. Mwana amene anakhala pansi ndi makolo ake, n'kuwerenga buku lopatulika la chipembedzo chawo ndi kulikambirana, savutika kuzindikira wonyenga akabwera ndi vesi limodzi lodulidwa mutu ndi mchira.

Ndipo kuphunzitsa ana zauzimu sikunabwere ndi sitima. Kale mishoni isanafike, anamwali ankalangizidwa kutsimba, anyamata kudambwe ndi kujando, ndipo ana a ku Nsanje ankakula akudziwa kuti nkhalango ya Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, salowamo mwachisawawa. Makolo amenewo ndi omwe anatisiyira mwambi uno.

Mbiri ya sukulu zathu nayo ikuchitira umboni. Sukulu yoyamba inatsegulidwa ndi a mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear atafika mu 1875. A Blantyre Mission anayamba mu 1876, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, Akatolika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Boma la atsamunda linadzakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, patapita zaka pafupifupi 50. Agogo athu ambiri anaphunzira kuwerenga pofuna kuwerenga katekisimu ndi Buku Lopatulika, limene linatuluka lonse m'chiyankhulo chathu mu 1922. Amishoniwo anali ndi zolakwa zawo, makamaka kunyoza miyambo imene sanaimvetse. Koma maphunziro omwewo anatulutsa anthu amene anatembenuka n'kufunsa azungu kuti: ngati tonse tinalengedwa ndi Mulungu mmodzi, thangata akuchokera kuti? John Chilembwe, amene anatsegula Providence Industrial Mission ku Chiradzulu mu 1900 ndi kuukira atsamunda mu 1915, anali mbusa. Pa 8 Marichi 1992, kalata ya maepiskopi Achikatolika itawerengedwa m'matchalitchi, inagwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi chifukwa inagwera m'makutu a anthu amene anaphunzira ali ana kuti pali Wina woposa mtsogoleri aliyense wa padziko. Chikhulupiriro chobzalidwa bwino chimapatsa munthu msana woimira pamaso pa wamphamvu.

Amene angafune kuti boma liletse makolo kuphunzitsa ana awo akumbukire zimene zinagwera a Mboni za Yehova. Mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, anthu anamenyedwa, nyumba zinatenthedwa, mabanja zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique ali ndi ana kumsana, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Boma likalowa m'chikumbumtima cha banja, ana ndi amene amayamba kulira. N'chifukwa chake gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo kwa munthu aliyense. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, limene Malawi analivomereza mu 1991, linaika bwino nkhaniyi m'ndime 14: mwana ali ndi ufulu wa maganizo ndi chipembedzo, ndipo makolo ali ndi udindo womutsogolera molingana ndi kukula kwa nzeru zake. Kutsogolera mwana wa zaka 4 n'kosiyana ndi kutsogolera wa zaka 16. Makolo ambiri opemphera amagwa pamenepa. Amafuna kugwira wa Folomu 3 monga ankamugwirira ali ku mkaka, ndipo akanena kuti akufuna kupemphera kwina, kapena kuti akukayika, amamuopseza kuti amudulira fizi kapena amuthamangitsa pakhomo. Pemphero lokakamiza ndi njala silifika kulikonse. Limangophunzitsa mwana kunamizira.

Choyezera chimene ine ndimakhulupirira n'chimodzi: kodi mwanayo amaloledwa kufunsa? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mphunzitsi wa Sande sukulu kapena mwalimu wa ku madrasa amene mwana akafunsa kuti Mulungu analengedwa ndi ndani, kapena kuti n'chifukwa chiyani mnzake wabwino uja anamwalira, amatenga chikwapu, akulera munthu amene mawa adzatsatira aliyense wokuwa kwambiri. Amene amayankha mofatsa, ndipo pena n'kuvomera kuti funsolo ngakhale akuluakulu limawavuta, akulera munthu amene chikhulupiriro chake chidzapirira akadzafika ku yunivesite kapena ku Joni. Kuloweza mavesi ndi masura n'kwabwino, kumanola mutu. Koma mwana woloweza popanda kufunsa ali ngati wanyamula mankhwala osadziwa mlingo wake.

Chotsatira pa kufunsa ndi mmene timakambira za anansi. Mu 2000 boma litafuna kuika phunziro la Religious and Moral Education m'malo mwa Bible Knowledge m'sukulu za sekondale, mipingo inakana mwamphamvu mpaka maphunziro onse awiri anasiyidwa kuti aziphunzitsidwa. Mu 2019 mkangano wa hijabu pa sukulu ya M'manga ku Balaka unafika pa ziwawa ndi kutsekedwa kwa sukulu, mpaka a Public Affairs Committee analowererapo n'kuyanjanitsa mbali ziwirizo. Mu 2023 Khothi Lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo. M'nkhani zonsezi okangana anali akuluakulu, koma otaya masiku a sukulu anali ana, ndipo anawo anali kumvetsera mmene bambo awo akutchulira anthu a chipembedzo china pa nthawi ya nsima. Mungathe kuphunzitsa mwana kuti njira yanu ndi yoona popanda kumuuza kuti mnzake wokhala naye desiki imodzi ndi mdani kapena wodetsedwa.

Tsono kwa inu makolo anzanga: phunzitsani ana anu kupemphera, ndipo musachite nazo manyazi. Koma musangowatumiza. Pitani tsiku lina mukakhale kumbuyo kwa kalasi yawo mumve zimene akuuzidwa ndi mmene akuuzidwira. Akabwerako afunseni zimene aphunzira, ndipo muone ngati akubwera ndi chimwemwe kapena ndi mantha. Mwana akadwala, mupemphereni muli pa njira ya kuchipatala. Wina akamutcha mfiti, akamuletsa sukulu kapena mankhwala, akamusalitsa kudya, kapena akamugwira mosayenera, musakambirane kuseri pofuna kuteteza dzina la mpingo kapena mzikiti. Kanenezeni kwa apolisi, kwa ogwira ntchito yoteteza ana m'dera lanu, kapena imbani nambala yaulere ya 116, ngakhale wochita zimenezoyo atakhala mtsogoleri amene mumamulemekeza.