Ndinapita Kumaliro Kukadikira Kuti Mesho Wanga Agonje



Pali mawu ena amene ambirife timathamangira kunena tikamva za munthu wokana kuti kuli Mulungu: "Musiyeni, adzaona yekha tsiku limene adzagone pabedi la kuchipatala." Ine ndawanena mawu amenewa kuyambira ndili ku madrasa, ndipo ndinkawaona ngati nzeru zakuya. Chaka chatha anandichititsa manyazi. Nde funso langa lero ndi ili: kodi n'koyenera Msilamu kumalakalaka kuti matenda kapena imfa zimuthyole munthu wosakhulupirira, n'cholinga choti mkangano tiupambane ife?

Chaka chachiwiri ku yunivesite anandiika chipinda chimodzi ndi mnyamata wina wophunzira physics, wochokera ku Mulanje. Dzina sinditchula, ndingoti mesho monga timaitanirana pa kampasi. Sabata yoyamba ndinadzuka kuti ndiswali Fajr, ndikufwanthula mumdima kuopa kumudzutsa. Nditamaliza ndinangomva mawu kuchokera m'bulangete: "Aise, uziyatsa getsi, usamavutike. Koma ndikuuziretu, ine ndine atheist." Ndinaseka poyesa nthabwala. Iye sanaseke.

Pa kalembera wa 2018, anthu pafupifupi 2 pa 100 aliwonse m'Malawi muno ananena kuti alibe chipembedzo, koma ine ndinali ndisanakhalepo ndi mmodzi maso ndi maso. M'mutu mwanga atheist anali chidakwa chamwano chofuna chilolezo chochitira machimo. Uyu mowa sankamwa. Mwezi wa Ramadhan ankanyamula mbale yake kukadyera panja kuti fungo la ndiwo lisandivute.

Za chipembedzo anali ndi mfundo ziwiri zimene ankabwereza. Yoyamba inali ya kobadwira. "Iwe ukanabadwira m'nyumba mwathu bwenzi ukuimba kwaya, ine ndikanabadwira kwanu bwenzi ndili hafidh. Ndiye choonadi chimatengera mudzi?" Yachiwiri inali namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023. Iye anali kwawo nthawi imeneyo, ndipo anathandiza nawo kufukula mitembo m'matope. "Ukuti dunia ndi mayeso. Mwana wa zaka zitatu amalemba mayeso anji pansi pa mwala?" Ine ndinkayankha zimene ndinaphunzira: za fitra, za qadar, zakuti ana otere sakhala ndi mlandu kwa Allah, zakuti maso athu amaona kachidutswa chabe ka nkhani yonse. Ankamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Sanasunthe, nanenso sindinasunthe.

Za chikondi ankanena kuti lonjezo limapita kwa munthu amene uli naye, osati kumwamba, ndipo ukaliswa palibe wina wokukhululukira kupatula iye amene wamulakwirayo. Anali ndi chibwenzi chopemphera kwambiri, ndipo anamuuza zoona kuyambira pachiyambi. Ananenetsa kuti sangalowe kalasi ya mpingo mwachiphamaso kuti angopeza ukwati woyera. Komano munthu yemweyu akapita kuholide ankavala jekete Lamulungu m'mawa, n'kuwanyamulira Baibulo mayi ake mpaka kutchalitchi. Ndinamufunsa ngati chimenecho si chinyengo. "Ndi chinyengo, aise. Koma mayi anga ndi amasiye, ali ndi BP, ndipo fizi yanga yachokera m'nthochi zimene amagulitsa. Choonadi changa chiwapatsa chiyani kupatula kusowa tulo?"

Zauzimu nazo anali nazo zake, ngakhale dzinalo ankalikana. Usiku wina magetsi atazima tinakhala panja pa hostel. Anandifotokozera kuti ayironi amene ali m'magazi athu ndi kasiyamu wa m'mafupa athu anapangidwa m'kati mwa nyenyezi zimene zinafa dziko lino lisanakhaleko. Ine ndinati Subhanallah. Iye anangoti duu, maso ali kumwamba komweko. Kenako anati: "Nanenso ndimamva kuchepa kumene ukumvako. Nthawi zina ndimalakalaka pakanakhala wina womuthokoza. Koma kulakalaka chinthu si umboni wakuti chilipo."

Za imfa ankalankhula mopepuka. Ankati asanabadwe kunalibe iye kwa zaka mabiliyoni ndipo sizinamupweteke, ndiye akadzafa zidzakhala chimodzimodzi. Apa m'pamene ndinkatulutsa chida changa chija: "Udzaona ukadzadwala." Tsiku lina anatopa nazo n'kundionetsa pa YouTube munthu wotchedwa Christopher Hitchens.

Hitchens anali mtolankhani wobadwira ku England mu 1949, amene anadzakhazikika ku America. Mu 2007 anatulutsa buku lakuti God Is Not Great, lonyoza zipembedzo zonse, ndipo Chisilamu ankachilasa mopanda chisoni. Anachirikizanso nkhondo ya ku Iraq ya 2003. Sindikumuyamikira ayi, zambiri zimene ankanena za ife zinali zokondera. Koma mu Juni 2010 anamupeza ndi khansa ya kum'mero, ndipo zimene zinatsatira n'zofunika kuziona. Okhulupirira ena analemba poyera kuti Mulungu wamulanga pa chiwalo chimene ankanyozera. Ena anakonza tsiku lomupempherera pa 20 Seputembala 2010. Ambiri ankangodikira uthenga wakuti wagonja. Iye ananeneratu kuti anthu akadzamva zoti watembenuka ali pafupi kufa, adziwe kuti wolankhulayo ndi munthu amene matenda ndi mankhwala zamusokoneza mutu. Anamwalira pa 15 Disembala 2011 ku Houston ali ndi zaka 62, asanasinthe maganizo.

Pa nkhani yonseyi munthu amene anandikhudza ndi Francis Collins, dokotala amene anatsogolera Human Genome Project, Mkhristu wodziwika amene ankatsutsana ndi Hitchens pa za Mulungu. Iyeyu anagwiritsa ntchito ukatswiri wake kuthandiza kufufuza chithandizo choyenera khansa ya mnzakeyo. Ndinaiona nkhaniyo, koma phunziro lake linandidutsa. Mumtima ndinkangoti mzungu uja anali wouma mutu, mesho wanga sangafike pamenepo.

Kenaka, Lachinayi lina m'bandakucha, foni yake inalira. Mayi ake anagwa kumunda ndi sitiroko, ndipo anamwalira asanafike kuchipatala. Ndinamuperekeza. Ndipo apa ndiulule, chifukwa Allah akudziwa kale: mu minibasi muja, pansi pa chisoni changa panali kachimwemwe kobisika. Ndinkati nthawi ija yakwana. Ndinali nditakonzeratu ngakhale ma aya oti ndimuwerengere akayamba kusweka.

Anasweka ndithu. Analira pasiwa mpaka amalume ake kumugwira. Amayi a Mvano anaimba usiku wonse, abusa analalikira za kudzaonananso, iye anaika nkhata yake pamanda manja akunjenjemera. Usiku wa tsiku loika maliro tinakhala awiri pamoto kuseri kwa nyumba, anthu atabalalika. Anayamba yekha: "Zija ndinkanena kuti imfa siopsa, n'zoona kwa wakufayo. Kwa wotsala ndi nkhani ina. Iwe uli ndi mwayi, aise. Agogo ako ukuyembekeza kudzawaona. Ine mayi anga ndinawaona komaliza pa siteji ya basi mu Januwale. Basi, kwatha."

Ndinaona khomo lotseguka, ndinalowa. "Nanga bwanji osangokhulupirira, mesho? Taona mmene zikukuwawira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali. "Ndikhulupirire chifukwa chakuti zikuwawa? Ndikanena shahada usiku uno, iweyo ungaikhulupirire? Nanga Mulungu wakoyo?" Kenako ananena chimene chinkamudya kwenikweni. Sanali moto kapena manda. Chinali chakuti mayi ake apita asanamudziwe mwana wawo mmene alili. "Ankakonda mnyamata wonyamula Baibulo uja. Ndinkati ndidzawauza ndikamaliza sukulu. Tsopano palibe kokapepesa."

Ma aya anga onse anauma kukamwa. Tinakhala chete mpaka moto unazilala.

Ndakhala ndikuuganizira usiku umenewu, ndipo ndapeza zinthu zitatu.

Choyamba, chimene ndinkalakalakacho ngakhale dini yathu siichitenga ngati chipambano. Mu Surat Yunus timawerenga za Firauni amene anavomereza madzi atamufika m'khosi, ndipo sizinamuthandize. Surat An-Nisa imatiuza kuti kulapa koyembekezera mpaka imfa itafika pamaso sikulandiridwa. Sindikukana kuti mavuto amabweza anthu kwa Allah. Ambiri anapeza njira ali m'chipatala kapena kumanda kwa kholo, ndipo chimenecho ndi chifundo chake. Koma pali kusiyana pakati pa mtima umene mavuto aufewetsa mpaka kuona choonadi, ndi pakamwa pamene mantha apatsegula mokakamiza. Ine sindinkasamala kuti chibwere chiti. Ndinkangofuna kumva akunena kuti ndinkalondola.

Chachiwiri, Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) sanatiphunzitse zimenezi. A Abu Talib, mchimwene wa bambo ake, amene anamulera ndi kumuteteza ku Makka, anamwalira asanalowe Chisilamu. Mtumiki anakhala pambali pawo n'kuwapempha mwachikondi, ndipo atakana, chimene chinatsala mwa iye chinali chisoni. Surat Al-Qasas inamukumbutsa kuti kuongola mitima ndi kwa Allah, ngakhale kwa amene umamukonda. Timadziwanso kuchokera m'ma hadith a Bukhari kuti maliro a Myuda atadutsa, Mtumiki anaimirira, ndipo atauzidwa kuti ndi a Myuda anawakumbutsa kuti umenewonso ndi mzimu wa munthu. Dawah yake inkachokera mu kuopera munthu. Yanga usiku uja inkachokera mu kufuna kuwina. Kunja zimafanana, koma niya ndi ziwiri, ndipo tonse tikudziwa kuti ntchito zimayesedwa ndi niya.

Chachitatu ndiye chowawa. Ngati ndinkakhulupirira kuti mantha a imfa ndi amene adzamubweretse mesho kwa Allah, ndiye kuti pansi pamtima ndinkavomereza zimene a atheist amatinena, zoti chipembedzo ndi bulangete la anthu oopa mdima. Ndinayenera kudzifunsa: atachotsa mantha a manda, imani yanga ingatsale ndi chiyani? Funsoli linandisowetsa mtendere masabata angapo, ndipo ndinkaswali ngati wongokwaniritsa.

Chinanditonthoza n'chakuti si ine woyamba. Maganizo a mesho si achilendo kwa ife. Surat Al-Jathiya imatchula anthu amene ankati moyo ndi uno wokha ndipo chowawononga ndi nthawi basi, ndipo maulama anawatcha ma Dahriyya. Imam Al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, analemba m'buku lake la Al-Munqidh min ad-Dalal kuti iye mwini anakhala pafupifupi miyezi iwiri akukayikira ngakhale zimene maso ndi nzeru zimamuuza, ndipo anati chinamuchiritsa si mfundo zosanjidwa bwino koma kuwala kumene Allah anaika m'chifuwa chake. Ngati munthu wophunzira chotero anafunika kupatsidwa kuwalako, ine ndinganyadire chiyani? Sindinagule imani yangayi. Ndinaipeza pamkeka wa agogo anga.

Yankho langa ndinalipeza pomwe paja tinayang'ana nyenyezi. Tonse awiri tinamva kuchepa. Iye anati alibe womuthokoza. Ine ndikayang'ana dongosolo lomwelo, ayironi wa m'nyenyezi akuyenda m'mitsempha ya mwana wa ku Mulanje, mtima wanga umakana kuti palibe amene anafuna zimenezi. Ndimagwetsa nkhope pansi chifukwa ndili ndi womuthokoza, osati chifukwa choopa manda pokha. Funso lake la mwana wa pansi pa mwala sindinaliyankhe mokwanira mpaka lero. Ndimalinyamula polowa mu swala, ndipo ndaona kuti imani imatha kuyenda italemedwa ndi funso.

Musandimve molakwa, abale. Sindikuti kukhulupirira ndi kukana n'zofanana. Ndimakhulupirira kuti mesho akulakwitsa pa nkhani yaikulu kuposa zonse, ndipo ndimamuopera. Iyenso amadziwa zimenezi, sindimubisira. Chimene ndasiya ndi kulakalaka kuti apwetekeke. Pakati pa aja ankasangalala ndi khansa ya Hitchens ndi dokotala uja ankamufunira mankhwala, ndikudziwa tsopano amene khalidwe lake likuyandikira zimene tinaphunzitsidwa ku madrasa.

Titabwerera ku sukulu ndinamupepesa chifukwa cha funso la pamoto lija. Anangoti, "Unabwera, aise. Ena sanabwere." Akadali atheist. Chibwenzi chija chinatha chifukwa makolo a mtsikanayo anakana, ndipo iye anakanabe kunama. Ndikamaswali Fajr getsi ndimayatsa, ndipo m'dua yanga dzina lake limabwera pambuyo pa la makolo anga. Ndinamuuza kuti ndimamupemphera. Anati sakhulupirira kuti wina akumva, koma ndisasiye ngati zimandithandiza ine.

Mwina nanunso muli naye wotere, m'kalasi, kuntchito, kapena m'nyumba mwanu momwe akubisala ngati mmene mesho ankabisalira mayi ake. Tsiku limene mawu akuti "adzaona akadzadwala" adzafike pamilomo panu, imani kaye mudzifunse kuti mukumufunira chiyani: chiongoko, kapena kugonja?

Allah atikhululukire pa zobisika za m'mitima yathu, atilimbitse pa imani, ndipo awaongole amene timawakonda mwa chifundo chake. Ameen.