Osenza Katundu wa Ena: Mfundo Zofunika Zochokera ku Sitima za Panyanja

Ife a kwa Chimaliro nyanja ya mchere tili nayo kutali, ndipo ambiri mwa ife tidzakalamba osaponda pa doko la Beira kapena la Nacala. Koma tiyi wa m'maesiteti a Thyolo, amene makolo athu ankathyola mame ali mbuu, wakhala akuwoloka nyanja kuyambira kale. Ankamulongedza m'mabokosi amatabwa okhala ndi pepala lonyezimira m'kati, n'kumukweza sitima ya pamtunda pa Luchenza. Ankatsika kudzera ku Nsanje, n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatha kumangidwa mu 1935, mpaka kukafika ku Beira. Kumeneko ankamulandira sitima za makampani monga Clan Line ndi Harrison Line, zimene zinkasenza katundu wosakanikirana: tiyi, fodya, thonje, mkuwa, makina. Ulendo wake unkathera pa okushoni ya mu mzinda wa London.

Mwa sitima zonse zosenza katundu wosakanikirana, mitundu iwiri ndiyo inatchuka kwambiri: Liberty, ndi ina yodzalowa m'malo mwake yotchedwa SD14. Abale anga, tonsefe ndife osenza katundu wa ena, kaya ndi ana, makolo okalamba, ndalama za gulu kapena mbiri ya mudzi. Tiyeni tione mmene amisiri anapangira zombo zoti anthu azizidalira, tidzifunse za ife eni.

1. Ubwino wa chinthu uli pa ntchito yake. Mu 1940, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinkamiza zombo za katundu za Britain mofulumira kuposa mmene amisiri akanakhozera zina. Britain inatumiza nthumwi ku America zitatenga pulani ya kampani ya J.L. Thompson ya ku Sunderland. A ku America anaisintha apa ndi apo, ndipo pa 27 Sepitembala 1941 Liberty yoyamba, yotchedwa Patrick Henry, inatsitsidwa m'madzi. Inali yaitali mamita pafupifupi 135, ya zipinda zisanu za katundu, yosenza matani pafupifupi 10,000. Liwiro lake linali makilomita 20 okha pa ola. Injini yake inali ya nthunzi, yachikale ngakhale pa nthawi imeneyo, ndipo Pulezidenti Franklin Roosevelt sanabise kuti sitimayo inali yosaoneka bwino. Nanga anasankhiranji injini yachikale? Chifukwa mafakitale ambiri akanatha kuipanga, ndipo amalinyero ambiri ankadziwa kale kuiyendetsa ndi kuikonza. Pofika 1945 sitima zoterezi zinali zitapangidwa 2,710, ndipo zinasenza chakudya ndi zida zimene mayiko ambiri anapulumukira. Kodi ife tikamasankha msungichuma wa banki m'khonde, kapena tikamalandira mkamwini pakhomo, timayang'ana chiyani? Suti ndi kuthyakula Chingerezi, kapena mbiri ya munthu wobweza ngongole tsiku limene analonjeza? Akulu anatichenjeza kale za chikomekome cha nkhuyu.

2. Khama la masiku onse limaposa liwiro la tsiku limodzi. Liberty zoyambirira zinkatenga masiku oposa 200 kuti imodzi ithe. Kenako amisiri anagawana ntchito: zigawo zikuluzikulu zinkapangidwira padera, n'kudzazilumikiza powotcherera, ndipo ambiri mwa owotchererawo anali amayi amene anaphunzira lusoli amuna atapita kunkhondo. Masiku aja anatsika kufika pa 42. Mu Novembala 1942 sitima ina, Robert E. Peary, inamangidwa m'masiku anayi ndi maola 15 okha, nyuzipepala zonse n'kuilemba. Komatu icho chinali chionetsero, ndipo sichinabwerezedwe. Chimene chinadzaza nyanja ndi zombo ndi masiku 42 aja, mwezi ndi mwezi, popanda wojambula zithunzi. Wothyola tiyi amazidziwa izi kuposa tonsefe. Banja silidya dengu limodzi lolemera limene linadabwitsa kapitawo pa sikelo. Limadya makilogalamu a tsiku lililonse, kuyambira mvula zoyamba mpaka nyengo itatha.

3. Mng'alu umayambira pangodya. Apa tiyeni tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene pali phunziro lalikulu. Liberty zitayamba kuyenda, zambiri zinkang'aluka, ndipo zingapo zinathyoka pakati n'kukhala zidutswa ziwiri. Ina mwa izo, John P. Gaines, inathyoka mu Novembala 1943 ndipo anthu khumi anataya miyoyo. Poyamba chala chinaloza owotcherera, pakuti anali atsopano pa ntchito ndipo ankagwira mothamanga. Koma katswiri wina wa zitsulo wa pa yunivesite ya Cambridge, mayi Constance Tipper, anaonetsa kuti gwero la vuto linali chitsulo chenichenicho. M'madzi ofunda chinali cholimba bwinobwino. Chikalowa m'madzi ozizira a kumpoto kwa nyanja ya Atlantic chinkauma gwa, n'kumathyoka m'malo mopindika. Ming'alu yambiri inkayambira pa ngodya zakuthwa za milomo ya zipinda za katundu, pamene mphamvu yonse ya mafunde inkaunjikana. Ndipo popeza thupi lonse la sitima linali lowotcherera kukhala chinthu chimodzi, mng'alu ukangoyamba unalibe poimira. Amisiri sanataye pulani yonse ayi. Anazungulitsa ngodya zija n'kuzilimbitsa, ndipo anaika timizere ta chitsulo tokhomedwa ndi misomali, kuti mng'alu ukafikapo uime.

Taonani zinthu zitatu pamenepa. Choyamba, n'kosavuta kuloza chala wamng'ono ndi watsopano; kufufuza gwero lenileni kumafuna kudekha. Ndi ana angati amene takalipira chifukwa cholephera mayeso, pomwe vuto linali njala kapena phokoso la makolo usiku? Chachiwiri, chilema cha munthu sichioneka zinthu zikamayenda bwino. Chimatulukira mu Januwale ndi Febuluwale, ufa utatha, fizi ikufunika, ndipo ndalama za mpingo kapena za gulu zili m'manja mwathu. Tisadzitame kuti ndife okhulupirika tisanayesedwe m'nyengo yotero. Koma tidziwiretu ngodya yathu, kaya ndi mkwiyo, mowa kapena ngongole, tiikonze kudakali kofunda. Chachitatu, makolo athu sanali ogona poika ankhoswe m'banja. Ankhoswe ali ngati timizere tija: saletsa kuti kusamvana kuyambe, koma amakuimitsa kusanang'ambe banja lonse. Banja limene latsekera kunja ankhoswe, abusa ndi anansi, n'kumati zathu tithana nazo tokha, ladzichotsera poimira mng'alu.

4. Tifunse amene adzagwiritse ntchito chinthucho. Liberty anazipanga kuti zigwire ntchito zaka zisanu, koma zambiri zinatumikira zaka zoposa 20 m'manja mwa amalonda amene anazigula nkhondo itatha, makamaka a ku Greece. Pofika zaka za m'ma 1960 zinali zitatopa, ndipo makampani ambiri anajambula mapulani a sitima yolowa m'malo mwake. Mwa amene anapambana munali IHI ya ku Japan ndi mtundu wake wa Freedom, komanso Austin & Pickersgill ya ku Sunderland komwe kuja ndi SD14. Opanga SD14 anamvetsa kuti ogula ambiri anali eni sitima ang'onoang'ono osowa ndalama zambiri. Choncho anachotsa chilichonse chongokometsera, n'kusiya sitima ya mamita pafupifupi 141, zipinda zisanu, matani opitirira 14,000, ndi injini ya dizilo ya Sulzer yosadya mafuta ambiri. Wofuna zoonjezera ankalipira payekha. Yoyamba, Nicola, inayamba ntchito mu 1968, ndipo zonse pamodzi zinakwana 211, zina zomangidwira ku Greece, Brazil ndi Argentina. Nanga ife, tikakhala m'komiti ya chitukuko, timayamba tafunsa amayi otunga madzi tisanasankhe pokumba mjigo? Timafunsa mlimi ngati angakwanitse kudyetsa ng'ombe ya mkaka tisanamupatse? Thandizo limene mwini wake sangalikwanitse kulisamala limasanduka mtolo.

5. Tiyende ndi zida zathu. Liberty ndi SD14 zonse zinali ndi milongoti ndi mikono yachitsulo yokwezera ndi kutsitsira katundu. Zinkatha kuima pa doko losauka, lopanda makina alionse, n'kugwira ntchito yake osadikira wina. N'chifukwa chake zinkafika kumene sitima zapamwamba sizikanafika. Mnyamata amene waphunzira ukalipentala, kusoka kapena kukonza njinga zamoto za kabaza amakhala wolandiridwa pa Goliati, ku Limbe ngakhale ku Johannesburg. Makolo, satifiketi ndi yabwino ndipo tiilimbikire, koma mwana asachoke pakhomo manja ake asakudziwa kanthu.

6. Tisamale chimene tagundana nacho. M'sitima ya katundu wosakanikirana, ntchito yaikulu ya wachiwiri kwa kaputeni inali kukonza pulani ya kaikidwe ka katundu. Wolemera ankapita pansi, wopepuka pamwamba. Wotsikira pa doko loyamba sankayenera kutsekeredwa ndi wa pa doko lomaliza. Tiyi ndiye ankafuna chisamaliro chapadera, chifukwa amakoka fungo ndi chinyezi. Akaikidwa pafupi ndi zikopa, sopo kapena mafuta, ankafika ku London atatenga fungo la mnzakeyo, ndipo wolawa pa okushoni ankatsitsa mtengo. Thukuta la wothyola, luso la wa m'fakitale, zonse zinkatha kuwonongeka chifukwa cha malo amodzi olakwika. Mtima wa mwana nawonso umakoka. Sitingamutsekere m'nyumba, monganso tiyi sakanakhala pa doko mpaka kale. Koma tingadziwe amene akucheza naye, ndi zimene akuonera pa foni ife titagona.

7. Tidziwe malire a katundu wathu. Pambali pa sitima iliyonse ya katundu pali chizindikiro cha mkombero wodulidwa ndi mzere. Madzi akafika pamzerewo, kukweza katundu kwatha, ngakhale malo atatsala. Lamuloli linakhazikitsidwa ku Britain mu 1876, phungu wa nyumba ya malamulo Samuel Plimsoll atamenyera nkhondo amalinyero amene ankafera m'zombo zodzazidwa mopitirira muyeso ndi eni ake adyera. Mzerewu si umodzi: pali wa madzi a mchere ndi wa madzi opanda mchere, wa nyengo yotentha ndi wa nyengo yozizira, chifukwa katundu amene chombo chingasenze nyanja ili bata sangasenzeke pa namondwe. Ife a Malawi tikudziwa kuwawa kwa ngozi ya pamadzi. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inagubuduzika pa namondwe kumpoto kwa nyanja yathu, anthu 145 n'kumwalira, ndipo olemba mbiri amatchula kuti inali yolemera kumwamba. Ilala, imene inabwera m'zidutswa kuchokera ku Scotland n'kuyamba kuyenda mu 1951, ikutumikirabe. Kunena kuti apa ndalekeza si ulesi kapena kuuma mtima. Kodi ndi angati mwa ife amene atenga ngongole m'magulu atatu nthawi imodzi, akuwerengera zokolola za chaka chabwino, ngati kuti chilala ndi namondwe sizidzabweranso? Ndi amayi angati amene asenza maliro onse, komiti iliyonse ndi ana a abale onse mpaka thupi kugwa, ife n'kumangowayamikira osawalandira katundu?

8. Tikhale okonzeka kuphunziranso. Pa 26 Epulo 1956, SD14 isanajambulidwe n'komwe, sitima yotchedwa Ideal X inanyamuka ku Newark kupita ku Houston itasenza makontena 58. Mwini wake, Malcom McLean, sanali mmalinyero. Anali wa malole, wotopa ndi kudikira pa doko. Sitima ya katundu wosakanikirana inkatha masiku ambiri, nthawi zina masabata, anthu akutsitsa bokosi limodzilimodzi. Ya makontena inkamaliza m'tsiku limodzi kapena awiri. Pang'ono ndi pang'ono katundu anasamukira m'makontena. SD14 yomaliza inatha mu 1988, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho malo omangira sitima a ku Sunderland anatsekedwa, amisiri aluso zikwi n'kukhala pakhomo popanda kulakwa kwawo. Kwathu kunonso zinasintha: nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, okushoni ya tiyi ya ku London inatsekedwa mu 1998, ndipo lero tiyi wathu amagulitsidwa pa okushoni ya ku Limbe kapena mwachindunji kwa ogula, n'kutuluka m'matumba a mapepala oikidwa m'kontena. Luso limene latidyetsa zaka 30 likhoza kutha ntchito ife tikadali ndi mphamvu, ndipo palibe manyazi kuti bambo wa imvi akhale pansi, mdzukulu amuphunzitse. Kukhulupirika kokha ndiko timasamuka nako kupita ku ntchito yatsopano. Amalonda a ku Greece aja anayamba ndi Liberty zogwiritsidwa kale ntchito, anagula SD14, kenako anasamukira ku zombo za mafuta, za tirigu ndi za makontena, ndipo lero dziko lawo lili m'gulu la mayiko okhala ndi sitima zambiri za malonda. Kumapeto kwa 2008 anakatenga ku America imodzi mwa Liberty zochepa zotsala, n'kuikonza, n'kuipatsa dzina loti Hellas Liberty. Ili pa doko la Piraeus, ndipo anthu amalowamo kukaona mmene agogo awo ankagwirira ntchito.