Madzi Safunsa Citupa

Caka ciri conse mvula ikafika pacimake m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, makomboni a Lusaka amakhala ndi milandu iwiri. Woyamba ndi wa madzi amene amalowa m'nyumba, nagwetsa zipupa, nadzaza zimbudzi. Waciwiri ndi wa pakamwa, pakuti anthu akataya katundu wao amafuna munthu womloza cala. Ku George, komboni yaikulu ya kumadzulo kwa mzinda kupitirira Matero, maganizo a anthu pa nkhaniyi ali patatu. Ena amati Boma limange msanga zonse zimene zagwa, popeza ndiyo nchito ya msonkho. Ena amati ndalama za Boma nzocepa, ndipo siziyenera kutayidwa pa anthu amene anamanga dala m'malo a madzi. Enanso amati mavuto aculuka cifukwa alendo aculuka, ndipo pakadakhala lamulo lolimba pa malire a dziko, mbadwa zikadapuma. Pansi pa maganizo onsewa pali funso limodzi: pogawa cuma ca dziko, kodi woyenera kuwerengedwa ndani, ndipo coyenera kuyamba nciani?

Wofuna kuweruza bwino mlandu umenewu ayambe wafunsa kumene George anacokera. Lusaka anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo amene anajambula mzindawu pa pepala anaukonzera Azungu ndi anchito ao owerengeka. Munthu wakuda ankayesedwa mlendo m'tauni. Ankayenda ndi citupa, ankagona m'nyumba ya bwana wace, ndipo nchito ikatha ankayenera kubwerera kumudzi. Amene analibe pogona anapempha malo pa minda ya Azungu ya m'mbali mwa mzinda, namanga timanyumba ta njerwa zosaocha, namalipira kandalama kwa mwini malo. Ndico cifukwa cace makomboni ambiri amachulidwa maina a eni malo, kapena a makampani amene anchito ao anayamba kumangapo, monga John Laing, John Howard ndi George. Ufulu utabwera m'caka ca 1964 njira zinatseguka, ndipo anthu anakhamukira ku Lusaka kucokera Kum'mawa, kwa Abemba, kwa Atonga ndi kwa Alozi. Ena anali atafika kale kucokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia. Pamaso pa lamulo, onse omanga ku George anali okhala popanda cilolezo, ndipo panali akuluakulu ena amene ankati nyumba zao zigwetsedwe, eni ace abwezedwe kumidzi.

M'caka ca 1974 Boma linasankha njira yina. Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lolola kuti komboni yotere ivomerezedwe, ndi kuti mwini nyumba alandire kalata yomlola kukhalapo zaka 30. Caka comweco Boma linakongola madola 20 miliyoni ku World Bank, niliyamba kukonza George, Chawama, Chaisa, Garden ndi Chipata. Nyumba sizinagwetsedwe cisawawa iai. Atsogoleri a m'komboni anayenda pamodzi ndi amisiri kusankha podzera miseu, ndipo amene nyumba zao zinali pa njira anapatsidwa malo ena capafupi. Mipope ya madzi inabwera, sukulu ndi zipatala zazing'ono zinamangidwa. Koma phunziro lalikulu liri pa cimene anthu anacita okha. Munthu atadziwa kuti sadzapitikitsidwa, anayamba kuumba njerwa za simenti ndi kufolera malata ndi ndalama za m'thumba mwace. Palibe amene amabzala mango pa malo amene adzacotsedwapo mawa. Kalata ija inatulutsa cuma cimene cinali cobisika m'manja mwa amphawi.

Komabe panali mdani wina amene kalata sikadatha kumgonjetsa, ndiye madzi. Kumadzulo ndi kumwera kwa Lusaka dziko ndi lacidikha, ndipo pansi pace pali thanthwe la laimu lokhala ndi ming'alu ndi mapanga. Mvula ikakula madzi a pansi amakwera, alibe kothawira, ndipo amasakaniza za m'cimbudzi cokumba ndi za m'citsime cosazama. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Kanyama anamira m'caka ca 1978, nyumba zambiri nizigwa. M'caka ca 2010 mabanja othawa madzi anagona m'mahema pa bwalo la masewera la Independence. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2017 inacititsa kuti asilikali atumidwe kukasesa miseu ndi kucotsa amalonda a m'mbali mwa njira. Ya 2023 ndi 2024 inagwira anthu oposa 20,000 m'dziko lonse, nipha oposa 700. Bwalo la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo sukulu zinacedwa kutsegulidwa kufikira mu Febuluwale.

Tsono amene amati Boma limange zimene zagwa anena zoona, koma zoona zao zafika mocedwa. Kuthandiza munthu amene nyumba yamgwera ndi udindo wosakanika, ndipo ofesi ya DMMU, imene iri pansi pa Waciwiri kwa President, iripo cifukwa ca nchito imeneyo. Koma hema, bulangete ndi thumba la ufa zimatha m'nyengo imodzi, ndipo caka camawa zimafunikanso. Ngalande yokumbidwa bwino, mpope wa madzi oyera ndi cimbudzi cosadontha zimalipiridwa kamodzi, nizitumikira ana ndi adzukulu. George yemwe ndiye mboni. Kolera itasautsa Lusaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Boma la Japan linathandiza kukumba zitsime zakuya ndi kuika matanki ndi mipope m'komboniyi, ndipo m'zaka zotsatira matendawa anacepa kwambiri. Nanga ngati ziri comweco, bwanji maboma ambiri amakonda kulipira tsoka litagwa kale? Cifukwa cace sicobisika. Thumba la ufa limaperekedwa pamaso pa khamu, ndipo wolandira amakumbukira dzanja lompatsa. Koma mwana amene sanadwale kolera sadziwa kuti anapulumuka, ndipo palibe amene amaombera m'manja ngalande imene yagwira nchito yace usiku anthu ali m'tulo. Mtsogoleri wolungama ndiye amene amavomera kucita cabwino cimene sadzayamikidwa naco.

Amene amati anthu anamanga dala m'madzi aiwala mbiri. Malo okwera ndi ouma anagawidwa kale kwa ena, ndipo mmphawi anatola zotsala. Ngakhale ziri tero, mau ao sangatayidwe onse. Alipo malo ena a m'madambo amene sangakonzeke, ndipo wogulitsa puloti pamenepo ndi wakuba ngakhale atavala malaya a cipani. Aliponso anthu amene amataya zinyalala m'ngalande masana, nadandaula usiku kuti Boma lawataya. Nchito ya 1974 inafooka pambuyo pace, mbali yina cifukwa mtengo wa mkuwa unagwa m'caka ca 1975, mbali yina cifukwa ambiri analeka kulipira kandalama ka mwezi ndi mwezi kosungira mipope ndi miseu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la komboni limafuna mutu wa Boma ndi mitu ya eni nyumba.

Nzoonanso kuti thumba la dziko ndi losazama. Mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira ngongole yace ya kunja. Mu Febuluwale 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, ndipo pambuyo pace ananena kuti pafunika K23.5 biliyoni zothandizira anthu. Mlimi wa ku Petauke amene cimanga cace cinapserera ali ndi mlandu wofanana ndi wa mai wa ku George amene cipupa camgwera. Koma kucepa kwa ndalama ndiko kumene kumakakamiza munthu kusankha mwanzeru. Wolemera angathe kugula cinthu cimodzi kawiri; mmphawi sangathe. Dziko la ngongole limene limagula mahema caka ndi caka likulipira mtengo wa ngalande popanda kukhala nayo ngalandeyo.

Otsala ndi aja amene amaloza cala mlendo, ndipo pa iwo George ali ndi cikumbutso cowawa. Kumayambiriro kwa caka ca 2016 anthu angapo anapezeka ataphedwa moipa ku George ndi ku makomboni oyandikana naye, ziwalo zao zina zitacotsedwa. Mantha anagwira aliyense, ndipo mphekesera inafala yakuti eni masitolo ocokera ku Rwanda ndiwo anali kucita zimenezi kuti malonda ao ayende. Pa 18 Epulo khamu linayamba kuthyola masitolo ku George ndi ku Zingalume, cipolowe nicifalikira ku makomboni ena. Masitolo oposa 60 anafunkhidwa, anthu oposa 250 anagwidwa, ndipo alendo mazana anathawira ku chalichi ca St Ignatius, kumene President Edgar Lungu anapita kukawapepesa. Anthu awiri amene anatenthedwa ku Kanyama m'masiku amenewo anali Azambia. Mwezi wotsatira polisi anagwira amuna anai pa mlandu wa kupha kuja, ndipo pakati pao panalibe Mrwanda ndi mmodzi yemwe. Amai amene ankakongola sopo ndi mcere pa masitolo aja anadzuka m'mawa mwace napeza zitseko zothyoka, mavuto ao ali comweco.

Izi sizitanthauza kuti malire a dziko akhale ngati khola lopanda citseko. Mfumu ya mudzi iyenera kudziwa amene wagona m'mudzi mwace, ndipo Boma liri ndi ufulu wofunsa wolowa dzina lace ndi cimene wadzera, ndi kubweza wocita zoipa. Mnyamata wa ku George amene watsiriza sukulu nasowa nchito sacimwa pofunsa kuti malonda a m'komboni ali m'manja mwa yani. Koma lamulo labwino limasiyanitsa wodutsa ndi wokhazikika. Ambiri a Arwanda anathawa kwao cifukwa ca kuphana kwa 1994. M'caka ca 2013 analeka kuwerengedwa monga othawa nkhondo, ndipo njira yokhalira m'dziko lino inafuna kuti ayambe atenga pasipoti ya kwao, cinthu cimene ambiri anaopa kucita. Lamulo la othawa kwao la 2017, limene linalowa m'malo mwa la 1970, linasungabe mwambo wakuti iwo azikhala ku misasa monga Meheba ndi Mayukwayukwa, kupatula amene apatsidwa cilolezo. Cotero kunapezeka ana obadwira ku Lusaka, olankhula Cinyanja ca m'komboni, osadziwa dziko lina, koma opanda pepala lonena kumene ali kwao.

Munthu wotere ali monga momwe analiri George asanafike 1974. Samanga cokhalitsa, pakuti sadziwa za mawa. Ndalama imene ikadapita ku msonkho imathera pa kugula mtendere kwa aliyense womuopseza. Akadwala amazengereza kupita ku cipatala poopa kufunsidwa mapepala, ndipo ngati matenda ace ndi kolera, kuzengereza kumeneko kumalowa m'citsime ca mnansi wace. Mankhwala amene anaciritsa komboni yonse angathe kuciritsanso iye: wokhala zaka zambiri mosunga malamulo apatsidwe kalata pa mtengo umene angathe kulipira, alembedwe m'buku, alipire msonkho, ndipo akumbe nao ngalande. Ena adzati kutero nkuitana alendo ena. Koma wothawa mpeni sathawa cifukwa wamva za kalata, ndipo ngakhale alendo onse atacoka lero, thanthwe la pansi pa George silingasunthe. Kanyama anamira zaka 16 Arwanda aja asanathawe kwao.

Yankho la funso loyamba lija tsono laoneka. Woyenera kuwerengedwa ndi aliyense amene amamwa pa citsime cimodzi ndi anzace, pakuti madzi safunsa citupa, ndipo kusiya nyumba imodzi kunja kwa cithandizo ndiko kusiya khomo lotsegukira matenda. Coyenera kuyamba ndi cimene cimaletsa tsoka lisanagwe, ndipo cithandizo ca pambuyo pace cibwere monga cotsatira.

Anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu asayese kuti nkhaniyi ndi ya akuluakulu okha. M'caka ca 2022 ndalama za CDF, zimene dera la phungu ali yense limalandira, zinakwezedwa kucokera pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo zopempha zimayambira ku makomiti a citukuko a m'mawodi. Ena mwa owerenga adzakhala alembi m'maofesi, ena makhansala, ndipo onse adzakhala oponya voti. Wopempha voti akafika ndi thumba la ufa, amfunse za ngalande ndi za mpope. Akafika ndi dzina la mtundu wa anthu woti ndiwo waononga zinthu, amfunse umboni, nakumbukire kuti agogo ao omwe anachulidwapo anthu osafunika mu mzinda uno. Ndipo mafunsowa afunsidwe mu Seputembala ndi Okutobala, nthaka ikali youma, makasu ndi mafosholo akali ndi nchito.