Kanjere ka mchere pachikhatho

Tapani mchere pang'ono, muuike pachikhatho, muuyang'anitsitse padzuwa. Tinjere take si tobulungira ngati mchenga wa kudambo ayi. Tili ndi ngodya, ngati tinjerwa totuluka m'chikombole chimodzi. Mukaphwanya kamodzi, tizidutswa take timabwera ndi ngodya zomwezo.

Chikombolecho chili m'kati momwemo. Mu 1913, Lawrence Bragg wa ku England anaunika mchere ndi X-ray, napeza kuti maatomu a sodium ndi a chlorine amafola mosinthana, uyu apa, uyo apo, kutsogolo, m'mbali ndi m'mwamba. Pa milimita imodzi yokha pamafola maatomu oposa 3 miliyoni. Sodium payekha amalilima akagwera m'madzi, chlorine ndi mpweya wakupha, koma akagwirana chotere ndi uja timathira m'ndiwo osaganizako n'komwe.

Chimene chimandisowetsa chonena ndi ichi. Mu 1891, munthu asanaone m'kati mwa mwala uliwonse, Evgraf Fedorov wa ku Russia ndi Arthur Schoenflies wa ku Germany anawerengera papepala kuti mitundu ya mafoledwe obwerezabwereza otere ilipo 230 basi. Mchere, shuga, matalala, golide, zonsezi Namalenga anaziumba osapyola 230 imeneyi.

Lero kuli kapulogalamu ka pakompyuta kotchedwa spglib, kamene Atsushi Togo wa ku Japan analemba n'kukasiya poyera kuti aliyense akatenge ulere, aone m'mene kanalembedwera, akonze pamene palakwika. Mukakauza pamene maatomu akhala, kamayankha m'kuphethira kwa diso. Pa mitundu 230 ija, mchere ndi nambala 225. Dayamondi ndi 227. Mtima wakuda wa pensulo ndi 194, chonsecho iwo ndi dayamondi onse ndi carbon yemweyo. Chasiyana ndi kafoledwe, mwina mofewa moti mwana amalembera, mwina molimba moti mumadula galasi.

Ntchito ya Materials Project, imene inayamba mu 2011, yasanja zinthu zoposa 100,000 mothandizidwa ndi mapulogalamu aulere otere, ndipo ku Berkeley, ku America, maloboti amasakaniza okha ufa wa mankhwala, kuuotcha m'ng'anjo ndi kuuunika. Anthu amatama malobotiwo, ndipo sindiwaletsa. Koma ine mtima wanga watsalira pa kanjere kaja. Madzulo ano, musanathire mchere mumphika, kayang'aneni kaye.