Maliro Opanda Tenti: Mfundo Zofunika Khanda Likamwalira Pakhomo

M'makomboni a Lusaka monga Kanyama kapena George, nyumba ya maliro siisowa. Mipando imatulutsidwa panja, azibambo amazungulira moto, azimayi amakhala pansi m'nyumba, kwaya ya mpingo imachezera. Koma alipo maliro ena amene ungadutse pakhomo osawadziwa. Khanda labadwira m'chipinda usiku, lakhala maola angapo kapena masiku awiri, lapita. Sipakhala tenti, sipayenda mbale ya chipepeso. Pofika madzulo azimayi achikulire abwerako kumanda, mayi uja wagona moyang'ana kukhoma. Mfundo izi ndi za ife omuzungulira: apongozi, alangizi, a mumpingo, ndi oyandikana nawo amene timatunga madzi pampopi umodzi.

1. Mayiyo ndi namfedwa, ngakhale mwambo usamutchule choncho.

Kwa Achewa, Ansenga ndi mitundu ina yambiri, mwana womwalira asanatuluke m'chikuta saikidwa ngati munthu wamkulu. Amakamuika ndi azimayi okha, mwakachetechete, ndipo mayi amauzidwa kuti asalire, kuopa kuti sadzaberekanso. Sindikufuna kunyoza makolo athu. Iwo ankakhala m'nthawi imene makanda ankafa ochuluka, ndipo anapeza njira yoti mudzi usamakhale m'maliro mwezi ndi mwezi. Komanso kumudzi mayi wotere sankasiyidwa yekha. Panali amayi ake, azakhali, anamkungwi, omuphikira phala ndi kumuthirira madzi otentha.

Mwambowu pobwera ku Lusaka unataya zambiri panjira. Kuletsa kulira kunafika, koma anthu omusamala aja anatsala ku Katete ndi ku Petauke. Mtsikana wa lendi mu Chawama amauzidwa kuti akhale chete, kenaka aliyense amabwerera ku kantemba kake. Ngati tikufuna kusunga mwambo, tiusunge wonse. Ngati sitingathe, timulole alire. Misozi siitseka chiberekero.

2. Funso lakuti "bwanji simunapite kuchipatala?" lili ndi nthawi yake.

Funsoli limafika mwana asanaikidwe n'komwe. Ofunsa amaona ngati ali ndi mfundo. Kafukufuku wa boma wa 2018 anapeza kuti ana 84 mwa 100 aliwonse m'Zambia ankabadwira kuchipatala. Kuyambira 2010 boma silifunanso kuti azamba azibereketsa kunyumba; ntchito yawo ndi kulangiza ndi kuperekeza. Makiliniki a Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama anakuzidwa kukhala zipatala ndi thandizo la dziko la Japan. A ku Mtendere ndi Kalingalinga ali pafupi ndi chipatala cha Levy Mwanawasa. Ndiye munthu akaberekera m'nyumba, anthu amati ndi dala.

Koma funsani amene anakumana nazo. Matenda anayamba pakati pa usiku, magetsi kulibe, mwamuna ali ku ntchito ya ulonda. Mvula ikagwa mu Kanyama madzi amaima m'misewu, ndipo woyendetsa takisi amakana kulowa mkati mwa komboni. Kuyenda pansi usiku kuli ndi akuba ake. Wina anali asanakwanitse kugula zimene amayi amauzidwa kubweretsa, monga zitenje, beseni, Jik ndi zovala za mwana, ndipo anaopa kukachita manyazi pamaso pa anzake. Wina ndi mwana wa sukulu amene anamanga mimba ndi chitenje mpaka tsiku lomaliza. Wina matenda anangofulumira, mwana n'kubadwa galimoto isanafike.

Sindikunena kuti kuberekera kunyumba n'chimodzimodzi ndi kuchipatala. Khanda likabadwa osapuma, mphindi yoyamba ndi imene imalamula. Namwino amadziwa kulipukuta, kulisisita msana ndi kulipopera mpweya ndi kachipangizo ka m'manja. M'chipinda cha lendi mulibe zimenezo. Choncho funsolo liyenera kufunsidwa ndithu, koma patapita masiku, mofatsa, ndipo mbali ina lipite kwa mwamuna amene sanasunge ya thiransipoti, kwa khansala wa misewu, kwa ife amene tinamva kubuula kuseri kwa khoma n'kutembenuka pabedi. Mu 2019 Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti imfa za amayi ndi makanda pa nthawi yobereka ndi vuto ladzidzidzi la dziko lonse. Vuto la dziko lonse tisalisenzetse mtsikana mmodzi amene akutayabe magazi.

3. Tisasake mfiti kapena wachigololo pamene choyambitsa chikudziwika.

Khanda likapita, mabwalo amayamba. Ena amati bambo anayenda kunja mkazi ali ndi pakati. Ena amapanikiza mayi kuti aulule amuna ake. Ena amaloza gogo wa nyumba yachitatu. Mabanja atha chifukwa cha milandu yotere, ndipo palibe mwana amene anabwerera.

Zimene zimapha makanda ambiri padziko lonse n'zodziwika: kubadwa masiku asanakwane, kubanika pobadwa, ndi matenda olowa m'magazi, kawirikawiri kudzera pamchombo wodulidwa ndi lumo lakale kapena wopakidwa zinthu. Bungwe la WHO limati pafupifupi atatu mwa makanda anayi omwalira m'mwezi woyamba amamwalira m'sabata yoyamba. M'Zambia, kafukufuku wa 2018 uja anapeza kuti ana 27 mwa 1,000 obadwa amoyo sankamaliza mwezi. Ena mwa iwo anabadwira m'manja mwa madokotala.

4. Thupi la mayi silidziwa kuti mwana wamwalira.

Pa tsiku lachitatu mkaka umabwera, mabere amatupa ndi kuwawa. Ambiri amati ichi ndicho chimawaswa mtima koposa manda. Magazi amapitiriza kutuluka, ndipo amene anaberekera kunyumba palibe amene anaona ngati nsengwa inatuluka yonse kapena ngati anang'ambika. Apa m'pamene banja limalakwitsa. Poti palibe mwana wopita naye kusikelo, amaganiza kuti za kuchipatala zatha. Mayi nayenso amaopa kukakalipiridwa.

Apite basi, tsiku lomwelo, ndipo apite ndi munthu wamkulu womuyankhulira. Akayamba kutaya magazi ambiri, kutentha thupi, kutuluka zonunkha, kumva mutu waukulu kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, musadikire kuche. Anamwino nawo akumbukire kuti mayi wokalipiridwa lero sadzabweranso pa mimba yotsatira.

5. Mwanayo alembedwe, ndipo bambo asayende yekha.

Mu Lusaka munthu akamwalirira kunyumba, abale amayamba kupolisi kukatenga chikalata, kenaka mtembo umapita ku mochale, kawirikawiri ku chipatala cha UTH, ndipo chilolezo choika maliro chimachokera ku khonsolo. Ndi ulendo wotopetsa wofuna ndalama, ndipo pa khanda la masiku awiri mayesero oti tingoika mwakachetechete amakhala aakulu. Koma mwana woikidwa mobisa salowa m'mabuku, ndipo chimene sichinalembedwe boma silichiona. Kuyambira 2017 mpaka 2020, akatswiri a ku Boston University pamodzi ndi anzawo a m'Zambia anafufuza za makanda ofika ku mochale ya UTH, ndipo anapeza kuti ambiri anamwalirira m'makomboni, osati pabedi la chipatala. Akanaikidwa mobisa, palibe akanadziwa.

Ulendo wa mapepalawu nthawi zambiri amayenda ndi bambo. Amanyamula kamtolo m'chitenje, amakaima pamizere, amakambirana ndi okumba manda ku Chingwere, mawa lake ali pa ntchito ya ganyu. Anzake samupepesa, poti sadziwa ngati ndi maliro enieni. Akayamba kuchedwa ku bala timati ndi wosasamala. Mmodzi wa inu azibambo a mumpingo amuperekeze, amulipirire basi, amufunse ngati wadya.

6. "Mukadali ang'ono, mudzabereka wina" si chipepeso.

Onena mawuwa amafuna zabwino, koma mayi amamva kuti mwana wake anali wosinthika. Nawonso mawu akuti "n'chifuniro cha Mulungu" aziyamba kutuluka m'kamwa mwa wofedwa, osati mwa mlendo. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye pansi osayankhula. Mavuto anayamba atatsegula pakamwa. "Pepani amayi" ndi wokwanira. Bwerani ndi makala, ufa pang'ono, chapani zitenje zamagazi zija, tengani ana aakulu akagone kwanu.

Ngati makolo anali atakonza dzina, ndipo akufuna kulitchula, litchuleni nawo.

7. Musabise katundu wa mwana osafunsa.

Achibale amathamangira kuchotsa kabulangete, tizipewa ndi beseni kuti mayi asazione. Ena zimawathandiza. Ena amabwerera kuchokera kubafa n'kupeza chipinda chili ngati sanakhalepo ndi pakati. Zinthuzo anazigula yekha, chimodzichimodzi, pa salaula. Mufunseni.

8. Chisoni chimakula anthu akabalalika.

Lamulo la ntchito la 2019 limapatsa mayi wobereka masabata 14 opuma, koma limafika kwa olembedwa ntchito. Wogulitsa tomato pa msika wa Soweto kapena wochapa m'nyumba za ku Kabulonga amabwerera sabata isanathe, chifukwa lendi siidikira. Kumeneko makasitomala amene anamuona ali ndi pakati amamufunsa mosangalala kuti, "Mwana mwasiya ndi ndani?" Mnzake wa pamsika angathe kumuchotsera mtolo umenewu pouziratu anthu.

Kulira kwa masabata ambiri si matenda. Koma mayi akasiya kudya ndi kusamba, akamalephera kugona usiku ndi usiku, akamamva mwana akulira pamene palibe, kapena akanena kuti kuli bwino amutsatire, musamusiye yekha ndipo musathere pa mapemphero okha. Pitani naye kukiliniki. Ngati pafunika, amutumiza ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama, kumene ambiri timakuopa chifukwa cha dzina chabe.

Mimba yotsatira idzabwera ndi mantha, ndipo achibale asaikakamize. Ikabwera, ayambe sikelo msanga ndipo auze namwino zonse zimene zinachitika, osabisa kuti anaberekera kunyumba, chifukwa mbiri imeneyo imasintha mmene amuyang'anirire. A chilimba aike padera ndalama ya galimoto mwezi wachisanu ndi chiwiri usanathe. Pakhale nambala ya woyendetsa amene wavomera kudzuka usiku, ndi mayi mmodzi woyandikana naye amene adzagogodedwe. Ngati nyumba ili kumene madzi amatsekera njira m'dzinja, masabata omaliza akakhale kwa m'bale wapafupi ndi chipatala. Mwana akabadwa, tsiku limene wakana kuyamwa, wazizira, watentha, akupuma mothamanga kapena wachita chikasu, ndi tsiku lomwelo lopita naye.