Za Njuga ya M'tseri ndi Njuga ya Poyera

Abale okondedwa a ku Lupembe ndi a m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, mudziwa kuti nyengo yogulitsa thonje ndi mpunga ikafika, ndarama zilowa m'midzi mwathu, ndipo njuga ilowa nazo pamodzi. Tamva anyamata ena alikunena kuti coipa si njuga ai, koma malo ochoveramo. Kuti ya m'tseri ndiyo yoopsa, koma ya m'nyumba za cilolezo zochedwa kasino, za ku Lilongwe ndi ku Blantyre, iribe kanthu. Tiyeni tiwayese mau amenewa mosakondera.

Poyamba tibvomere coona ciri m'menemo. Anthu akasonkhana usiku kuseri kwa sitoro kapena kudooko, ndi makadi ndi kacasu, palibe woyang'anira. Mwini makadi akhoza kuwaika zizindikilo ndi cikhadabo. Awiri akhoza kupangana kudyera mlendo, nagawana m'mawa mwace. Wopambana nayenso alibe mtendere, pakuti onse aona cimene waika m'thumba, ndipo njira ya kwao aidziwa. Woberedwa sapita kupolisi, popeza akaulula wakuba adziulula yekha; cifukwa cace milandu yotere aiweruza ndi zibakera kapena mpeni. Ngongole ya pamenepo iribe kalata, komabe ng'ombe ya atate ituruka nayo m'khola.

M'kasino zoopsa izi zicepa ndithu, sitikana. Boma la Malawi linaika lamulo la njuga m'caka ca 1996, nililembanso mwatsopano mu 2022. Nyumba zimenezi ziri ndi cilolezo ndi alonda pakhomo, wogawa makadi ali wanchito wa eni nyumba, ndipo mwana wosafika zaka 18 saloledwa kuchova. Munthu aturukamo wosabvulala.

Koma tafunsani, ndani alipira alonda aja, ndi nyali zoyaka usiku wonse? Ndiye wochovayo. Pa masewera a makadi ochedwa poker, pamene anthu achova okhaokha, eni nyumba atapa gawo lao pa ndarama zoikidwa pakati, apambane uyu kapena uyo. Pa gudumu lozungulira la mabowo 37, wolozera bowo lace molondola alandira ndarama 35 pa imodzi anaikayo, pamene muyeso wolungama ukadakhala 36. Cotero, powerengera masiku ambiri, pa ndarama 37 ziri zonse imodzi itsalira eni nyumba. Makolo athu anati, cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono kumbukirani asilikari a pa Gologota. Iwo sanabisale, anali anthu a boma, nacita maere masana, poyera, popanda wowaopsa, kulimbirana malaya a Ambuye wathu, Iye alikufa pamtanda pamwamba pa mitu yao. Panalibe mpeni pakati pao, koma maso ao anali pansi, ndipo Mpulumutsi sanamzindikira. Apa ndipo pagona coopsa cacikuru, cimene mlonda ali yense sakhoza kucicinga: wochova ayembekeza kukhuta ndi njala ya mnzace, nasirira ca mwini, cimene lamulo lakhumi litiletsa.

Cifukwa cace tikupemphani, abale, ndarama za thonje ndi za mpunga zifike kunyumba tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndipo mwamuna ndi mkazi aziwerenge pamodzi, napatule za sukulu, za mbeu, za mankhwala ndi za copereka. Inu akulu a mpingo, mbale wogwidwa kale mu msampha uwu musamseke kapena kumthamangitsa; mumyendere, mumve za ngongole yace, mumthandize asanagulitse ukonde kapena munda. Ndipo inu amene mwatayapo kale, musabwerere kukafuna zotayikazo, pakuti ndimo m'mene ambiri atayira ndi zotsala zomwe. Mulungu atipatse mitima yokhutira ndi za thukuta lathu. Amen.