Tsitsani sutikesi ija

Anzanga, kodi mwaphunzitsa anthu angati ntchito? Werengani bwinobwino. Mnyamata uja anabwera ndi digiri yake, tayi ili pakhosi, koma osadziwa kugwirizanitsa ndalama za m'buku ndi za kubanki. Munamukhazika pansi ndinu. Munamulozera ndi chala pamene K40,000 inabisala ndinu. Patangopita zaka ziwiri, iye ndiye bwana. Mukafunsa chifukwa, yankho ndi lomwe lija: mulibe mapepala.

Mawu amenewa amalasa. Nanenso anandilasapo. Koma tawamvetsetsani. Palibe wanena kuti mulibe nzeru. Akungonena kuti nzeru zanuzo palibe amene anaziyeza n'kudindapo chidindo. Ndiye bwanji? Tiyeni zikayezedwe!

Njira yake ilipo. Amaitchula kuti Recognition of Prior Learning, mwachidule RPL. Koleji imaunika zimene munthu waphunzira pa ntchito, pa bizinesi, m'makosi afupiafupi, n'kumupatsa makirediti. Zimene akuzidziwa kale sakazikhaliranso m'kalasi.

Tiyambire ku South Africa, kumene abale athu ambiri akusaka moyo. Tsankho litatha, dziko lija linali lodzaza ndi anthu aluso amene anamanidwa sukulu. Mu 1995 anakhazikitsa lamulo lobala bungwe la SAQA, ndipo kuzindikira luso la anthu otere kunali pamtima pa ntchito yake. Lero yunivesite ngati UNISA imalandira zopempha za RPL. Kumeneko kirediti imodzi imaimira maola 10 ophunzira. Digiri ya zaka zitatu ndi makirediti 360, kutanthauza maola 3,600.

Tsopano tengani cholembera. Maola 40 pa sabata. Masabata 50 pa chaka. Ndi maola 2,000 amenewo. Zaka khumi? Maola 20,000. Inu amene mumazengereza pageti ya koleji ngati mlendo, mwakhala pa ntchito imodziyo maola 20,000!

Koma tisanamizane. Koleji siwerenga maola amene munakhala pampando. Alipo anthu amene agwira ntchito ya chaka chimodzi kakhumi, tonse timawadziwa. Koleji imafuna kuona zimene mungathe, ndiponso umboni wake. Komanso ku South Africa kuja malire alipo: sangakuchotsereni maphunziro opitirira theka la digiri. Theka, abale anga! Ganizirani fizi. Ganizirani mausiku ogona mochedwa amene mwapulumutsa.

A ku France anapita patsogolo. Kuyambira 2002, munthu amatha kulandira dipuloma yonse yathunthu chifukwa cha zimene waphunzira pa ntchito, atalemba umboni wake ndi kuyankha mafunso pamaso pa akadaulo. Ku America kuli mayeso a CLEP, amene bungwe la College Board linayambitsa mu 1967. Ambiri mwa iwo amatenga mphindi 90. Wakhoza, makoleji ambiri amakupatsa makirediti a kosi imene ena aikhalira miyezi.

Nanga kwathu kuno? Khomo si lalikulu ngati kumeneko, koma si lotseka. TEVETA, imene inabadwa ndi lamulo la 1999, imayesa amisiri amene anaphunzirira ntchito pagalaja kapena pansi pa mtengo wa mango, n'kuwapatsa satifiketi. Mayunivesite athu ali ndi mature entry, ndipo ena okhala ndi dipuloma komanso zaka za pa ntchito sayambira chaka choyamba. Sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake. Choncho funsani. Safunsa anadya phula.

Ntchito yeniyeni ili pa umboni, ndipo umboniwo muli nawo kale. Uli m'sutikesi ija ili pamwamba pa wadirobu, yafumbi ija. Itsitseni. Muli kalata yokulembani ntchito. Muli kalata yokukwezani. Muli masatifiketi a mawekishopu a ku Mangochi ndi ku Salima, aja timapitako mtima uli pa alawansi, inde tivomereze, koma tinaphunzirakonso kanthu. Muli malipoti amene munalemba ena n'kusaina. Tsegulaninso foni. Chithunzi cha geti imene munawotcherera. Nyumba imene munalumikiza magetsi. Diresi laukwati limene munasoka usiku wonse magetsi atathima. Zonsezo ndi umboni.

Kenako pemphani ndondomeko ya kosi imene mukuifuna. Iyaleni patebulo. Werengani mzere ndi mzere: womaliza kosi imeneyi akhale wotha kuchita chakuti. Pambali pa mzere uliwonse lembani kuti munachichita liti, kuti, motani, ndipo n'chifukwa chiyani munachichita mwa njira imeneyo. Apa ndi pamene ambiri timatuluka thukuta. Makaniko wa ku Ndirande amaika sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake pakhutu, n'kunena kuti vuto ndi beyaring'i. Amalondola. Koma muuzeni alembe chifukwa chake, cholembera chimalemera kuposa jeke. Chinthucho amachidziwa, dzina lake la m'buku ndi limene likumusowa. Dzina limaphunzirika mu sabata imodzi. Khutu lija linamutengera zaka khumi ndi zisanu. Ndani ali ndi gawo lovuta kale m'thumba?

Mudzapezanso mizere ina imene simungaiyankhe. Musakhumudwe. Imeneyo ndiyo mukaiphunzire m'kalasi, ndipo mukaimva msanga, chifukwa mphunzitsi akamafotokoza inu mudzakhala mukuona nkhope za makasitomala enieni.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikuchondererani, poti ine chinandiluma. Ndinagwira ntchito zaka zinayi pa kampani ina. Nditafuna kalata yotsimikizira zimene ndinkachita, ndinapeza chitseko chili ndi loko, kampani inatha, bwana anasamuka osasiya adiresi. Zaka zinayi zopanda wondichitira umboni. Inu musadikire. Pitani kwa bwana wanu mawa lomwe. Kalatayo isangoti munali wolimbikira ndi waulemu. Itchule ntchito zenizeni: ankakonza malipiro a antchito 60, ankayang'anira sitoko, ankaphunzitsa atsopano. Ikhale ndi deti, siginecha ndi chidindo. Ijambuleni pafoni, muisungenso pa imelo.

Manyazi ndiwo atsala. Akuti ndakula. Akuti ndikakhala bwanji ndi ana. Akuti akandiseka Chingerezi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ana mukuwaopawo ndi omwe aja mumawaphunzitsa ntchito akamaliza.

Ndiye usiku uno, sutikesi pansi. Mawa, kalata kwa bwana. Lolemba m'mawa, imbani ku ofesi ya Registrar, munene dzina lanu momveka bwino, ndipo mufunse kuti: "Ndagwira ntchito imeneyi zaka khumi, umboni ndili nawo. Ndiubweretse kwa ndani?"